Ndisiye digiri pakati n'kupita kunja? Yankho kwa wophunzira wa ku Bunda

Funso: Ndili chaka chachitatu ku Bunda, ndikuphunzira za ulimi wothirira. Ejenti wina wandipezera malo payunivesite ina ya kunja, ndipo akuti andichotsera theka la fizi bola ndipereke ndalama yolembetsera mwezi uno usanathe. Amalume akuti atha kugulitsa puloti yawo kuti ndinyamuke. Anzanga ena akuti ndimalize kaye. Kodi njira zokaphunzirira kunja ndi ziti, nanga ndikonzekere bwanji?

Achemwali, ndiyambe ndi chigamulo: puloti ya amalume isagulitsidwe, ndipo digiri yanu muimalize konkuno. Sindikukuletsani kupita kunja ayi. Khomo lalikulu lomwe Amalawi ambiri amatulukira limatseguka munthu akagwira digiri yoyamba m'manja, ndipo inu mwatsala pang'ono kufikapo.

Nkhani yagona pa MSCE. Mayunivesite ambiri a ku Ulaya amaiyika pa mlingo wa O-Level, osati A-Level, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zomwe digiri ya kwathu imatengera zaka zinayi pomwe ya ku England imatenga zitatu. Mukasiya sukulu lero, pepala lokhalo lomalizidwa lomwe muli nalo ndi MSCE yomweyo. Makosi omwe mwakhoza ku Bunda, sukulu yakunja ili ndi ufulu wowalandira kapena kuwakana, ndipo kawirikawiri imalandira ochepa n'kukubwezani chaka choyamba, mwinanso kalasi yokonzekera yomwe amati foundation. Mufunseni ejentiyo akuonetseni kalata ya sukuluyo yotchula makosi anu omwe avomerezedwa, limodzi ndi chaka chomwe mukayambire. Muone ngati nkhani siisintha.

Tsopano za "theka la fizi". Sukulu zina zoyendera phindu zimalemba mtengo wokwera papepala, n'kuutsitsa, n'kumati ndi sikolashipu, pomwe aliyense wogogoda amapatsidwa yomweyo. Koma tingoti yanuyi ndi yeniyeni. Fizi ndi gawo limodzi chabe. Pali lendi, chakudya, inshulansi ya chipatala, viza, tikiti ya ndege, majekete a nyengo yozizira, ndipo zonsezi n'zolipira ndi ndalama zakunja mwezi ndi mwezi, zaka zitatu kapena zinayi. Puloti imagulitsidwa kamodzi.

Kumbukirani zomwe zidachitika mu Novembala 2023, pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Izi zisanachitike, mu Meyi 2022, idali itagwa kale ndi 25 peresenti. Banja lomwe lidawerengetsera kuti ndalama ya nyumba yomwe lidagulitsa ikwanira zaka zitatu lidadzuka ikukwanira ziwiri. Ndiye palinso vuto lakuti makwacha mutha kukhala nawo, koma invoice ya sukulu n'kukhala ku banki milungu yambiri kudikira madola, uku sukulu ikuopseza kukutsekerani kunja kwa mayeso. Mukathamangira kwa osintha ndalama a pamsewu, mtengo wake ndi wina. Ngongole ya ku Loans Board nayo sikutsatani kunja, ndi ya ophunzira a m'sukulu za m'dziko muno.

Mayiko olandirawo amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake sapereka viza musanaonetse ndalama. Ku Germany, komwe mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi, wophunzira wopanda sikolashipu amayenera kutsekera ndalama ya chaka chonse mu akaunti yapadera, ndipo kuyambira mu Sepitembala 2024 ndalamayo idafika pa mayuro 11,904. Ku Britain amafuna muonetse fizi yotsala ya chaka choyamba, kuphatikizapo ndalama yodyera ya miyezi isanu ndi inayi, yomwe imaposa mapaundi 1,100 pamwezi kunja kwa London, ndipo ikhale itagona mu akaunti masiku 28 osatsika. Pamwamba pake pali mapaundi 776 pachaka a chipatala. Ena amati "ndikagwira ganyu komweko". Viza ya wophunzira ku Britain imalola maola 20 pasabata sukulu ikakhala yotsegula. Maola amenewo amathandiza kugula chakudya, salipira fizi. Ndipo mukamva wina akuti ku Norway n'kwaulere, dziwani kuti akunena zakale: kuyambira 2023 dzikolo lidayamba kulipiritsa ophunzira ochokera kunja kwa Ulaya.

Ndiye njira yomwe ndimalimbikitsa ndi iyi: digiri yoyamba kuno, yokhoza bwino, kenako masitazi kunja pa sikolashipu yolipira zonse. Masikolashipu a digiri yoyamba alipo koma ndi ochepa kwambiri. Ndalama zambiri za maboma ndi mabungwe zili pa masitazi ndi PhD, poti masitazi ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo olipirawo amafuna munthu yemwe waonetsa kale kuti amatha.

Masikolashipuwa muwagawe pawiri m'mutu mwanu. Alipo ofuna kuti mukhale mutagwirako ntchito, ndipo alipo omwe mutha kufunsira mukangomaliza.

Pa gulu loyambalo, wodziwika kwambiri ndi Chevening wa boma la Britain. Amalipira masitazi ya chaka chimodzi, ndege, viza ndi ndalama ya pamwezi. Amafuna zaka ziwiri za ntchito, zomwe amaziwerenga ngati maola 2,800, mumasankha makosi atatu, ndipo mumalonjeza kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri mukamaliza. DAAD ya ku Germany ili ndi makosi a zachitukuko, ambiri ophunzitsidwa m'Chingerezi, omwenso amafuna zaka ziwiri za ntchito, ndipo za madzi ndi ulimi zilimo. Ireland Fellows Programme, yomwe imadzera ku ofesi ya kazembe wa Ireland ku Lilongwe, nayo imayang'ana anthu a pantchito. Izi zikutanthauza kuti zaka ziwiri zomwe mudzakhale mukuyenda m'matope a sikimu ku Chikwawa kapena ku Karonga, ngakhale pa malipiro a intern, ndi gawo la ulendo womwewo. Musazione ngati kuchedwa.

Pa gulu lachiwiri pali Erasmus Mundus ya European Union, yomwe ambiri kwathu saidziwa bwino. Mumaphunzira m'mayiko awiri kapena kuposa, fizi yonse imalipidwa, ndipo mumalandira mayuro 1,400 pamwezi. Kosi iliyonse ili ndi tsamba lake ndi tsiku lake lotsekera. Commonwealth ili ndi mitundu ingapo: ina imadzera ku boma, kudzera ku dipatimenti yoona za antchito a boma ya DHRMD, ina yotchedwa Shared Scholarship mumafunsira kudzera ku yunivesite ya ku Britain yomwe mwasankha, ndipo ina ndi yophunzira pa intaneti muli kwanu konkuno. Mastercard Foundation imalipirira ophunzira m'mayunivesite angapo, monga Cape Town, Pretoria, Makerere ndi Edinburgh. Mandela Rhodes ndi ya achinyamata a mu Afirika ofuna kuphunzira ku South Africa, ndipo ili ndi malire a zaka zakubadwa. Japan ili ndi MEXT, yomwe kazembe wawo ku Lilongwe amalengeza chaka ndi chaka. India ili ndi ICCR. China ndi Turkey alinso ndi zawo, koma konzekerani kuti makosi ena amayamba ndi chaka chophunzira chilankhulo cha komweko.

Pali ina yomwe ndimadabwa kuti Amalawi amaiiwala, chonsecho ndi yathuyathu. Beit Trust, yomwe idakhazikitsidwa mu 1906, imathandiza mayiko atatu okha: Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Imalipirira masitazi m'mayunivesite osankhika a ku Britain ndi ku South Africa. Ku Erasmus mumapikisana ndi dziko lonse lapansi, pomwe ku Beit mumapikisana ndi anzanu a m'mayiko atatu. Canon Collins Trust nayo imayang'ana kum'mwera kwa Afirika kuno.

Za ku America ndingonena mwachidule. Sikolashipu ya Fulbright ilipo, ndipo mayunivesite ambiri a zaulimi kumeneko amalipirira wophunzira wa masitazi kapena PhD yemwe akuthandiza pulofesa pa kafukufuku. Koma kuyambira 2025 malamulo a viza ya kumeneko akhala akusinthasintha ndipo Malawi ili m'gulu la mayiko okhudzidwa, choncho werengani chilengezo chatsopano cha kazembe wawo musanalipire kalikonse.

Mawu akuti "kunja" musawamve ngati London yokha. Pa kosi yanu, ndingakuuzeni kuti muyang'ane kaye pafupi. Pangano la SADC pa zamaphunziro la mu 1997 limati ophunzira a m'mayiko a SADC azilipira ngati eni dziko, ndipo mayunivesite a boma ku South Africa amatsatira zimenezi pa fizi, ngakhale amawonjezerapo kandalama ka ophunzira akunja. Stellenbosch, Pretoria ndi KwaZulu-Natal ndi sukulu zamphamvu pa ulimi ndi madzi, ndipo mbewu, dothi ndi chilala zomwe amafufuza n'zofanana ndi zathu. Chofunika kudziwa n'chakuti pepala lanu liyenera kukayesedwa kaye ndi bungwe la SAQA, zomwe zimatenga nthawi ndi ndalama. Kumeneko digiri yoyamba ndi ya zaka zitatu, kenako chaka cha honours, kenako masitazi. Amalawi ena a digiri ya zaka zinayi amauzidwa kuti ayambire pa honours. Musakhumudwe zikatero, koma muziwerengere pa nthawi ndi thumba. Viza yawo imafunanso medical aid ya kampani yolembetsedwa ku South Africa komweko, kudzanso kalata ya ku polisi yosonyeza kuti mulibe mlandu.

WaterNet, mgwirizano wa mayunivesite pa za madzi, ili ndi masitazi ya kasamalidwe ka madzi ku University of Zimbabwe ndi ku Dar es Salaam. Pan African University ili ndi sukulu ya madzi ndi mphamvu zamagetsi ku Tlemcen, ku Algeria. RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite pa zaulimi womwe likulu lake lili ku Makerere ndipo yunivesite yanu ya LUANAR ndi membala, imalengeza mwayi wa maphunziro a zaulimi m'mayunivesite a mu Afirika. Ku Netherlands kuli Wageningen ndi IHE Delft, mayina aakulu pa ulimi ndi madzi, koma fizi yake ndi yolemera moti popanda wokulipirirani musayambe n'komwe.

Mudakali pasukulu pomwepo, kafunseni kwa a Dean kapena ku ofesi yoona za maubale ndi sukulu zakunja ngati pali mwayi wosinthana ophunzira. Mumapita semesita imodzi, makosi amawerengedwa, n'kubwerera kudzamaliza ku Bunda. Malo amakhala ochepa ndipo nthawi zambiri amatengedwa ndi omwe adafunsa.

Tibwere pa kukonzekera. Chomwe chimagwetsa ambiri si nzeru, ndi kalendala. Ku Ulaya sukulu zimatsegula mu Sepitembala kapena Okutobala, koma mafomu a sikolashipu amatsekedwa pafupifupi chaka chathunthu m'mbuyo. Chevening imatsegula mu Ogasiti n'kutseka cha mu Okutobala kapena Novembala. Makosi ambiri a Erasmus amatseka pakati pa Disembala ndi Febuluwale. Turkey imalandira mu Januwale ndi Febuluwale. Ku South Africa chaka chimayamba mu Febuluwale, ndipo kulembetsa kumatha chaka chinacho chisanathe. Choncho muziwerenga chobwerera: tsiku lomwe mukufuna kukhala m'kalasi, chotsanipo miyezi khumi ndi iwiri, chotsaninso ina itatu yolembera ndi kusonkhanitsa mapepala.

Onaninso ola lotsekera. Akalemba 12:00 GMT, kwathu kuno ndi 2 koloko masana. Tsiku lomaliza tsamba limalemera chifukwa dziko lonse likutumiza nthawi imodzi, ndipo inu mudzakhala pa laputopu yobwereka, magetsi atazima, bando itatsala pang'ono kutha, satifiketi ikukana kulowa poti foni idaijambula yaikulu kwambiri. Tumizani kudakali sabata.

Pakali pano ntchito yanu yaikulu ndi magiredi a chaka chachitatu ndi chachinayi. Masikolashipu ambiri amafuna digiri ya upper second kapena credit kupita m'mwamba, ndipo palibe kalata yokoma yomwe imakonza transcript yofooka. Pulojekiti ya chaka chomaliza muisankhe mwanzeru, ikhale pa vuto lenileni lomwe mungadzalipitirize pa masitazi, ndipo supavaiza wanu akudziweni ndi dzina ndi ntchito yomwe. Iyeyo ndiye adzakulembereni kalata yaumboni. Aphunzitsi amalandira mapempho ambirimbiri otere, ena ochokera kwa anthu omwe sakuwakumbukira n'komwe, ndipo zotsatira zake ndi kalata ya mizere isanu yonena kuti munali "wolimbikira". Apempheni kudakali mwezi, apatseni CV ndi zomwe mwalemba, ndipo muwauze kuti uthenga wa sikolashipu udzabwera pa imelo yawo, ayang'anenso mu spam.

Pasipoti pangani chaka chino. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima milungu ingapo makina a ku Immigration atasokonezedwa, ndipo yemwe adali ndi malo ndi tsiku lonyamuka sadachitire mwina koma kudikira. Musanakapange, ikani patebulo satifiketi ya MSCE, chitupa cha unzika ndi kaundula wanu wa ku yunivesite, muone ngati mayina ndi tsiku lobadwa zikufanana. Kwathu kuno si zachilendo kupeza munthu ali ndi dzina la bambo pa MSCE, la agogo pa chitupa, ndi dzina lapakati lomwe likupezeka pamodzi pokha. Wa ku ofesi ya viza sadziwa mbiri ya banja lanu, amangoona anthu awiri osiyana. Zikasiyana, konzani tsopano, kapena kalumbireni kwa commissioner for oaths mukhale ndi kalata yake. Ngongole ya fizi muimalizenso, poti sukulu sizitulutsa transcript kwa yemwe ali ndi balansi.

Mayeso a Chingerezi a IELTS amalembedwa kudzera ku British Council, ndi okwera mtengo, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Musathamangire kulemba muli chaka chachitatu. Makosi ambiri a masitazi amafuna 6.5. Mayunivesite ena amalandira kalata ya ku sukulu yanu yonena kuti munaphunzira m'Chingerezi, ena amakana, ndiye funsani kaye. Ndipo musawaderere chifukwa choti mwakhala mukulankhula Chingerezi kuyambira ku pulayimale. Gawo lomvetsera, momwe munthu wa ku Australia amalankhula mothamanga kamodzi kokha, ndi gawo lolemba ndi omwe amatsitsa ambiri. Wopita ku Britain amayezetsanso TB kuchipatala chomwe iwo adavomereza.

Pa zolembazo ndiime pang'ono, poti mpamene anthu ofanana magiredi amasiyanirana. Owerenga amaona mafomu ochuluka, ndipo ambiri a kwathu amayamba chimodzimodzi: Malawi ndi dziko losauka, lopanda nyanja yamchere, lodalira ulimi. Zimenezo amazidziwa kale. Chomwe sadziwa ndi chomwe inu mudaona. Lembani za sikimu yomwe mudapitako pa attachment, momwe ngalande idadzadza mchenga pambuyo pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, alimi a kumunsi n'kumakangana ndi a kumtunda pa tsiku lotsegula madzi, ndi chomwe inu mudachitapo, ngakhale chikhale chaching'ono ngati kukonza ndandanda ya masiku othirira. Kenako onetsani kuti kosi yomwe mwasankha ili ndi phunziro lakutilakuti loyankha vuto limenelo, ndi komwe mukalowe mukabwerera. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira kulowera ku Chikwawa ndi Nsanje, idzafuna anthu odziwa kugawa madzi ndi kusamala dothi kuti lisachite mchere. Wolipira akamawerenga zotere amaona komwe ndalama yake ikupita. Musalembetse kwa wina, ndipo musakopere za mnzanu yemwe adapambana chaka chatha, poti pa intaviyu adzakufunsani zomwe zili papepalapo.

Kukanidwa kudzabwera. Ambiri omwe mumawaona pa Facebook atanyamula mbendera pabwalo la ndege la Kamuzu adayesapo kangapo. Funsirani malo anayi kapena asanu chaka chimodzi, osati amodzi.

Walira mvula walira matope, choncho ganiziraninso za moyo wa kumeneko ndi za pobwerera. Kuyambira mu Januwale 2024, wophunzira masitazi ya m'kalasi ku Britain saloledwa kutenga mwamuna, mkazi kapena ana, kupatula pa makosi a kafukufuku ndi ena olipiridwa ndi boma. Ndalama ya pamwezi imaoneka yambiri mukaisintha m'makwacha, ndipo abale adzaisintha m'mitu mwawo musanakwere ndege, koma idawerengedwa kuti ikwanire munthu mmodzi pa mitengo ya komweko. Auzeni zimenezi musananyamuke. Pobwerera, pepala lanu liyenera kuzindikiridwa ndi National Council for Higher Education (NCHE), ndipo a ntchito monga udokotala, unamwino ndi uinjiniya amadzeranso ku mabungwe awo. Sukulu yomwe siivomerezedwa m'dziko lake lomwe, kuno pepala lake silidzakuthandizani.

Za ejenti wanuyo, si onse akuba. Alipo enieni, omwe amalipidwa ndi yunivesite pa wophunzira aliyense yemwe abweretsa, ndipo n'chifukwa chakenso amakukankhirani ku sukulu yomwe imawalipira, osati yomwe ikukuyenerani. Koma zizindikiro ziwiri zandidetsa nkhawa m'kalata yanu: kufulumizitsa kwa "mwezi uno usanathe", ndi ndalama yopereka musanaone kalata ya sukulu. Chevening, Commonwealth ndi DAAD salipiritsa pofunsira, ndipo safuna mkhalapakati. Mu Okutobala 2024, atolankhani a Associated Press adaulula za atsikana a m'mayiko angapo a mu Afirika omwe adakopedwa pa intaneti ndi lonjezo la sukulu ndi ntchito ku Alabuga, ku Russia, n'kukapezeka ali mu fakitale yolumikiza madironi a nkhondo. Lonjezo lililonse la sukulu yophatikiza ntchito, tikiti yaulere ndi kunyamuka mwachangu muzilifufuza kawiri.

Chitani izi sabata ino. Pezani nokha tsamba la yunivesiteyo, osadzera pa linki yomwe ejenti adakutumizirani pa WhatsApp, ndipo lemberani ofesi yawo yolembera ophunzira. Afunseni ngati munthuyo ndi ejenti wawo, ngati dzina lanu lili m'kaundula wawo, ndi ndalama zonse za chaka chimodzi kuphatikizapo malo ogona. Yankho libwere pa imelo ya sukuluyo, osati ya Gmail, ndipo ndalama iliyonse ipite ku akaunti ya sukulu, osati pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu. Funsaninso ku NCHE ngati sukuluyo amaizindikira.

Amalume muwathokoze mwaulemu, ndipo muwauze kuti thandizo lawo likufunikabe, kungoti ndi laling'ono kuposa puloti: ya pasipoti chaka chino, ya IELTS ndi ya SAQA mukamaliza, ya thiransipoti yopitira ku Lilongwe kukachita intaviyu, ndi ya mwezi woyamba kunjako, poti masikolashipu ena amayamba kulipira mutafika kale n'kutsegula akaunti ya ku banki.